Nsapato ya Hatchi Yofiira

Nedelcu atathawa pa munda wa bwana Costache, kapitawo Gligore sanakwapule bambo ake a mnyamatayo. Ayi, anali wochenjera kuposa pamenepo. Anangotenga nkhalambayo, Dobrin, kapolo wosula zitsulo, n'kupita naye kumsika wa ku Mizil, ati akamuthandize kusankha mahatchi.

Dobrin anali atalumbira kwa mkazi wake Voica kuti ngakhale amusende khungu, satchula kumene kuli mwana wawo. Nanga akanatchula chiyani? Sankakudziwa n'komwe.

Pamsikapo Gligore anamugulira kachasu wa mapulamu, kenaka n'kumanyamula phazi la hatchi iliyonse.

"Taonani nsapato iyi, madala. Osula a masiku ano!"

"Zinyalala zokhazokha," anatero Dobrin, kachasu atamufewetsa lilime.

Anafika pa hatchi yofiira ya mlimi wina wa kumapiri. Nsapato yake yachitsulo inali yopinda kawiri kumapeto, kuti hatchi isaterereke madzi akaundana.

"Iyi ndiye yoseketsa," anatero Gligore. "Amene anasula imeneyi ndi mbuli yeniyeni."

"Mbuli ndinu, kapitawo!" Dobrin anapsa mtima. "Kapindidwe aka anandiphunzitsa ndi bambo anga. M'dziko lonse lino timakadziwa ndife awiri basi, ine ndi..."

Anagwira pakamwa, koma mochedwa. Gligore anali atatembenukira kale kwa mlimi uja, akumwetulira.

"Achimwene, hatchi yanuyi anakuvekerani nsapato kumudzi uti?"

Gligore anabwera naye Nedelcu masana a Loweruka, atamumangirira kumbuyo kwa ngolo, mapazi ali magazi okhaokha. Bwana analamula zimene ankalamula nthawi zonse: wothawa avale goli lachitsulo lokhala ndi nyanga, kuti asadzathenso kudutsa m'tchire. Ndipo pamunda ponsepo wosula anali mmodzi yekha.

Voica sanamutukwane mwamuna wake. Bola akanamutukwana. Anangosiya kumuyang'ana.

Dobrin anasula golilo manyazi akumudya. Anapala m'kati mwake mpaka mutasalala, kuti lisamacheke khosi la mwanayo, pakuti china choti amuchitire panalibe. Pomuveka, maso ake anali pansi.

Nedelcu anasisita chitsulocho ndi chala, pang'onopang'ono, monga anaphunzitsidwira kuyesa ntchito.

"Mwalisula bwino, bambo," anatero. "Aliyense adzadziwa kuti ndi ntchito yanu."