Kompuresa pamwamba, kompuresa pansi

"Pa bwalo langa sipadutsa nkhani ya moyo wa munthu," anatero a Sefa, akupukutira manja pa ovololo. "Ine ndikangoona mzere woyamba ndi womaliza, ndadziwa kale kuti uyu ndi mmisiri, uyu akufuna kutiliritsa. Zapakatizo ndinasiyira aphunzitsi."

Bwalo ankanenalo ndi la pa intaneti, la amisiri okonza mafiriji. Firiji ikamukanika munthu amalemba pamenepo, anzake n'kumuuza poti agwire. A Sefa ndiwo anali adimini, woyang'anira bwalolo, ndipo dzina loti Sefa anawapatsa ndi anthu a pabwalopo poona kasefedwe kawo. Ntchitoyi ankaigwira chiimire m'shopu mwawo, foni ili pamwamba pa firiji yakufa, dzanja lina lili ndi sipanala.

Amene ankauzidwa zimenezi anali alamu awo, mlongo wawo wa mayi a kunyumba. Alamuwa anali atangochotsedwa ntchito ku kampani ina ya zipinda zozizira, komwe analowa ndi tsitsi lonse n'kutulukako ndi dazi. Atatopa ndi kukhala pakhomo anatsegula bulogu, tsamba lawolawo la pa intaneti, n'kulembapo momwe anayambira ntchito ndi momwe inathera, kenako nkhaniyo n'kuiika pabwalo. Tiyi wawo asanazizire, a Sefa anali atafufuta.

"Alamu, mwandifufuta."

"Ndafufuta nkhani. Inuyo ndi awa mwakhalira botolo langa la gasi."

"Pabwalopo pali eni mashopu, alamu. Ine kumagogoda m'zitseko ndi dazi ili, kumati ndilembeni ntchito, pakamwa pamandilemera. Ndimati mwina wina awerenga."

"Ndiye mawa abwere wina ndi nkhani ya ukwati wake? Mukukumbuka ndisanagwire bwaloli. Munthu firiji ya mankhwala inamuzimira, anafunsa, funso lake n'kukwiririka pansi pa m'bale wina wosimba momwe anapezera dipuloma. Pofika pomuyankha, mankhwala anali ataonongeka. Ayi, pano timakamba kompuresa."

Apa a Sefa sankanama, ndipo mtima woipa analibe. Anawapatsa alamu awo firiji ina yoti akonze, firiji yomwe onse awiri ankadziwa kuti inkangofunika kuipukuta.

Masana mayi a kunyumba anabwera ndi chakudya cha amuna awo, n'kupeza mlongo wawo ali kuseri kwa shopu, akupukuta chitseko chimodzimodzi ngati akufuna kudzionerapo nkhope. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka kutula basiketi pansi.

"Achimwene, bambo awa ndakhala nawo. Ndikawalembera pa foni kuti agule sopo, mafuta, mankhwala a mwana ndi machesi, amabwera ndi sopo ndi machesi, n'kumayembekeza kuti ndiwayamike."

"Ndiye nditani, achemwali?"

"Ikani kompuresa pamwamba, kompuresa pansi. Dazi lanulo likhale pakati."

Alamu anachitadi zomwezo. Mzere woyamba unali woti: kompuresa ikamatentha koma m'kati mwa firiji osazizira, muyambe mwaona chiyani? Womaliza unali woti: choncho musanathamangire kusintha kompuresa, onani kaye ngati gasi sakutuluka. Pakati pa mizere iwiriyi panalowa moyo wonse wa munthu.

A Sefa anaona pamwamba, chala n'kuthamangira pansi, mutu n'kugwedezeka. Nkhaniyo inawakomera kwambiri moti anaikhoma pamwamba penipeni pa bwalo, poti aliyense wolowa ayambe waiona, n'kulembapo okha kuti: "Achinyamata, mmisiri amalemba chonchi. Palibe zolira."

"Mwaona, alamu?" anatero potseka shopu. "Mukafuna mumatha."

"Ndaphunzira kwa inu," anayankha alamu, maso ali pa nsapato.

Mayankho anayamba kugwa ngati mvula. Amisiri omwe pabwalo ankangodziwika ndi mawu oti "sintha fiyuzi" anayamba kulemba ndime zathunthu. Wina anasimba za kampani yomwe inamutaya atathyoka mwendo, wina za manyazi obwerera kukaphunzira ntchito kwa mwana yemwe anamuphunzitsa yekha. Ndipo poti amisiri a mafiriji si anthu ogona, aliyense ankayamba ndi gasi n'kutsiriza ndi gasi. A Sefa ankaona mayankho akuchuluka n'kumanyadira.

"Anthu ali ndi njala ya kompuresa," ankauza akazi awo. "Ndinkanena ine."

"Munkanenadi, abambo. Mafuta aja mwagula?"

Sabata yotsatira, m'mawa, a Sefa anali kubwereza mawu awo aja kwa kasitomala wina wobwera ndi firiji yongolira. Alamu anali atagwada kuseri kwa firijiyo. A Sefa ali pakati pa "sipadutsa", pakhomo panaima mayi wina, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Adimini wa bwalo la mafiriji ndinu?"

"Ndine amene, mayi."

"Ine ndili ndi butchala, ndipo zipinda zanga zozizira zikufuna munthu wokhazikika. Ndikufuna bambo analemba nkhani munakhoma pamwamba ija. Anati amapezeka pano."

A Sefa anamutembenukira kasitomala uja, chifuwa chili patsogolo. "Mwamva? Funso limodzi la kompuresa, lolembedwa bwino, ntchito ikumulondola munthu yokha. Alamu, dzukani, akuoneni."

"Kompuresa?" anatero mayiwo. "Za kompuresa ine sindizidziwa, bambo. Pabwalopo ndinalowa kudzafuna mmisiri. Ndikunena paja akusimba kuti atapeza ntchito yoyamba analibe ndi pulayala yomwe, alamu ake n'kumubwereka bokosi lawo lonse la zida, iwo n'kukhala pakhomo osagwira ntchito, kumanamiza akazi awo kuti msana wavuta. Munthu wosaiwala zotero akhoza kusunga makiyi anga. Mumachita bwino kulola nkhani ngati zimenezi. Mabwalo ena amafufuta."

Alamu anali atadzuka, koma ankayang'ana khoma ngati pali waya woti alumikize. Kasitomala anakhala pa botolo la gasi, osafunanso kuchoka.

A Sefa anaika sipanala pansi n'kutenga foni. Anapeza mzere woyamba, wa kompuresa yotentha uja, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. Anadutsa sukulu yomwe alamu sanamalize. Anadutsa bokosi la zida, lofiira, lothyoka chogwirira, lawo lomwe lija. Anadutsa msana wawo. Chala chinapitirira kutsika, kutsika, kompuresa yachiwiri osaoneka.