Mfundo Yomaliza ya Pachingwe

Alamu awiri ankakokerana makwerero a malemu bambo a Kadontho pakhonde pamene ahedi a kusukulu ya mwanayo anafika. Panali patangopita masiku anayi chiikireni maliro. Ahedi anapepesa bwinobwino, kenako anayamba kuzunguza chipewa m'manja, ndipo mayi a Kadontho anadziwiratu kuti kupepesaku kuli ndi mchira.

Mchirawo unali uwu: Lachisanu linali tsiku la masewero ndi magule, lochitika kamodzi pachaka, ndipo amene ankalemba mizere ya laimu pabwalo anali malemuwo. Popanda mizere ana akangovina basi, mpikisano wothamanga ulephereka.

Mayi a Kadontho anatsonya. Zaka khumi m'banja ndi munthu wopenta nyumba, koma khoma la kukhitchini linali mbuu, loyoyoka ngati lagwidwa mphere. Woumba mbiya amadyeradi m'phale. Nthawi yopenta udzu wa kusukulu ndiye ankaipeza, ndipo lero wafa, wamusiyiranso ntchitoyo. Zinamukwana.

Mlamu wamkulu anagamula msanga. Anati mwana woti bambo ake angoikidwa kumene sangakathamange pagulu, anthu aziti chiyani, komanso zipangizo za malemu zisatuluke pakhomo mpaka abale atagwirizana za mwini wake. Wamng'ono anavomereza, koma makwerero sanawataye.

Kadontho, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali atakhala pachitseko. Nsapato zothamangira anali asanazivule chiyambireni maliro. M'mawa uliwonse bambo ake ankamuthamangitsa mpaka pageti, iwo akuwerenga mokweza.

"Ababa anati chaka chino ndipambana," anatero, osayang'ana munthu.

Lachinayi masana mayi ake ananyamula ndowa ya laimu n'kuuyamba wa kusukulu. Alamu anamutsatira, osati kukathandiza ayi, koma kukalondera ndowa. M'ndowamo munali zikhomo ziwiri ndi chingwe cha mfundo, chimene malemu ankayezera kutalikirana kwa mizere. Mfundo zonse zinatalikirana phazi limodzi lalikulu, kupatula yomaliza, imene inali patali kuwirikiza kawiri.

Mlamu wamkulu anaseka. Anati mng'ono wake chibadwire sankatha kuyeza, n'chifukwa chake anafa wopanda kanthu, ndipo anayamba kumasula mfundoyo ndi mano. Dzuwa linali litaswa mtengo, laimu akuwotcha m'manja, msana ukupweteka. Mayi a Kadontho anamulanda chingwecho.

"Isiyeni mmene iliri, alamu. Zolakwa za mwamuna wanga ndinazizolowera, zanuzo sindinayambe."

Anathira laimu mpaka dzuwa kupendeka, uku akukalipira malemu chamumtima. Mizere inatuluka yokhotakhota, ndipo njira yomaliza inali yotakata moti ngolo ikanadutsamo. Anachita nayo manyazi.

Lachisanu chimkuzamawu chinkangolira chokha, magule anachedwa ndi ola lathunthu, mwana wina anataya chisoti chake cha pepala n'kulira mpaka gule kutha. Alamu anabwera ndithu, nkhope zili ndwii. Ataitana ana a kalasi yoyamba, Kadontho anaima m'njira yachitatu. M'njira yotakata ija munalowa kamtsikana koyendera ndodo ziwiri. Kakati kaponye phazi, ndodozo zinkatagada uku ndi uku, ndipo zinkatera m'kati mwa mizere ndendende, osakola mnzake.

Ahedi anawerama n'kunong'oneza mayi a Kadontho kuti chaka chatha kamtsikanako kankangoonerera pansi pa mtengo. Malemu anapita komweko, anagwada, anayeza ndodo zake ndi chingwe, n'kusuntha mfundo.

"Kunyumba sananene?"

"Akananena liti? Munthu uja ankangobwera ndi njala basi," anayankha mayi a Kadontho.

Kadontho sanapambane, anafika wachitatu. Sanadikire n'komwe kuti amulembe. Anabwerera akuthamanga kunja kwa mzere womaliza, nayamba kuyenda pambali pa mnzakeyo, akuwomba m'manja ndi kuwerenga mokweza, mmene ankachitira bambo ake popita pageti.

Mlamu wamkulu anapita pamene panali ndowa ija. Anapisamo, anakulunga chingwe chija pang'onopang'ono, mfundo yomaliza ili pamalo pake, n'kuchiika m'manja mwa mayi a Kadontho, amene anali akadali oyera ndi laimu.