Kachitsulo Kogonekapo Muvi

Uta umenewo unafika Lachiwiri, m'katoni yaitali ngati ya thebulo lositirapo zovala, ndipo amene anasainira pakhomo ndi Stella yemwe, m'maso muli tulo tokhatokha. Akanadziwa akanamuuza wa positi uja kuti walakwitsa nyumba. Mwamuna wake, Overton, anaitsegulira pabalaza pomwepo, n'kusolola chinthu chobiriwira mawangamawanga ngati yunifolomu ya asilikali, chokhala ndi timagudumu kunsonga zonse ziwiri. Akuti ndi uta wosakira nyama, waugula pa intaneti kwa munthu wina amene watopa nawo. Wosakira nyama! M'Bradford muno, momwe nyama yake ndi nkhunda za padenga ndi amphaka a eni ake.

Stella ndiye anayamba kubwera ku England, pa ntchito ya unamwino. Overton anatsatira pambuyo ndi mwana wawo Nthanda, pa mapepala a mkazi wake. Ku Lilongwe anali munthu wa tayi, wochita kumupangira tiyi mu ofesi. Kuno ananyamula makatoni mu weyahausi, nyumba yosungiramo katundu, ku Wakefield mpaka tsiku limene anakankha supavaiza, ntchito n'kuthera pomwepo. Kuyambira pamenepo nyimbo yake inali imodzi, yakuti anamubweretsa kuno ngati katundu. Ndiye mwezi wa Febuluwale, kukhitchini, pa nkhani ya zii, anamugwira Stella pakhosi ndi manja onse awiri mpaka m'maso munada. Stella anayenda ku ntchito sabata yonse atakulunga sikafu, anzake n'kumamuyamikira kuti ikumukhala.

Kupolisi sanapiteko. Anapita kwa a Rowland, mkulu wa mpingo wawo, amene anavomera kukhala nkhoswe ya banjali popeza ankhoswe enieni anatsala kumudzi. A Rowland ndi munthu wabwino, sitikana, koma tsiku limenelo anayankhula zopusa. Anati apolisi a kuno alibe chisoni, akangomva za khosi basi munthu amukweza ndege, ndiye kumudzi adzati chiyani, kuti namwino wathamangitsa mwamuna? Anati vuto la Overton ndi kusowa chochita, manja akumuyabwa, apatsidwe chogwira. Ndipo ndi iwo amene anamupezera kalabu ya oponya mivi, yomwe inkakumana m'holo ya sukulu ina Lachinayi lililonse. Taganizani, munthu wakanyanga mkazi pakhosi, mankhwala ake n'kukhala uta.

Chimodzi chokha Stella ananena pamaso pa a Rowland: akadzangomugwiranso, pokakonzetsa mapepala mu Seputembala sadzamuikapo. Overton anayang'ana pansi n'kunena kuti wamva.

Ndipo anamvadi. Anasiya kukalipa, anasiya kumenyetsa zitseko. Ankatsuka mbale, ankakamutenga Nthanda kusukulu. Kutchalitchi a Rowland ankachita kumugwira paphewa monyadira. Koma Stella ankaopa Overton wofatsayu kuposa waphokoso uja. Wakale uja ankamveka akamabwera. Uyu anayamba kuyenda ndi masokosi okha m'nyumba, ndipo masitepe awo, omwe ankalira ngakhale Nthanda akapondapo, iye ankawakwera osamveka. Stella ankagwira usiku n'kumagona masana, mwana ali kusukulu, m'nyumba atatsala awiri. Masana ena anadzidzimuka n'kupeza mwamunayo ataima pakhomo pa chipinda, manja ali m'matumba, akungomuyang'ana. Atamufunsa, anati amangoona ngati wagona. Kuchokera tsiku limenelo tulo ta Stella tinali ta diso limodzi.

Mwayi wake unali wakuti utawo unabwera wopereweza. Mwini wake wakale anachotsa kachitsulo kamene amamanga pakati pa uta, pamwamba pa chogwirira, kogonekapo muvi pamene munthu akukoka chingwe. Popanda kameneko, uta wa magudumu suponya. Overton anayesa kugoneka muvi pachala ngati mauta a kumudzi, koma zinakanika. Kwa masiku angapo chinthucho chinangokhala kuseri kwa sofa, ndipo Stella ankapemphera mumtima kuti chikhale choncho mpaka kalekale.

Lolemba m'mawa, Stella atangoweruka, atamusiya Nthanda pageti la sukulu, Overton anati apite ku sitolo ya mauta kunja kwa Wakefield. Iye analibe laisensi, mayeso oyendetsa anamukana kawiri, choncho woyendetsa anali Stella. Anayesa kudandaula za tulo. Overton anangoika uta kumpando wa kumbuyo, n'kukhala kutsogolo, n'kumanga lamba. Njira yonse Stella ankamva chinthucho kumsana kwake ngati pakhala munthu wachitatu.

Sitoloyo inali kumapeto kwa mzere wa maweyahausi, pakati pa ogulitsa matayala ndi okonza mawindo, malo oti basi imadutsako mwa apo ndi apo. Mwini wake anali mdala wina wa Chingelezi, dzina lake Alfred, wa magalasi olendewera pachingwe. Ataona utawo anauzunguza m'manja, n'kumuyang'ana Overton pamwamba pa magalasi. Anafunsa ngati akudziwa kuti m'dziko muno kusaka nyama ndi uta n'koletsedwa, kaya ndi gwape, kaya ndi khoswe. Overton anaseka kuseka kwake kwa ku ofesi kuja, n'kunena kuti iye ndi wa kalabu, amalasa mapepala basi. Mdalayo anagwedeza mutu, n'kutsitsa timabokosi tiwiri pashelefu.

Koyamba kanali kamkombero kakuda, m'kati mwake muli ubweya wolimba ngati wa burashi ya nsapato, pakati pali kabowo. Alfred anakamangirira pa uta wake wachitsanzo, analowetsa muvi pakabowopo, kenako anayamba kuonetsa. Anapendeketsa uta uku, muvi uli phee. Anauzondotsa, muvi uli phee. Anayenda nawo kuzungulira kauntala, akuwerama, akugwedeza, muvi osasuntha, osalira n'komwe. Anati kameneka ndi ka alenje a kunja, kumene amaloledwa: munthu amayenda muvi uli kale pachingwe, akhoza kukwera nawo ngakhale mumtengo, nyama osamva kanthu.

M'maso mwa Stella simunabwere mtengo. Munabwera masitepe a kunyumba kwake, ndi masokosi aja.

Kachiwiri kanali kalilime ka chitsulo, kopyapyala ngati lezala, kokhala ndi kamphanda kunsonga. Muvi umangotsamira pamenepo, palibe choupana. Alfred anati aka ndi ka olasa chandamale: umaima chilili, chandamale chaima, iwenso waima, ndipo muvi umachoka bwino kwambiri. Koma vuto lake ndi ili, anatero, n'kupendeketsa uta pang'ono chabe. Muvi unaterereka, unagunda chitsulo cha uta kuti ngwe, n'kugwera pansi gobede. Mdalayo anautola akuseka, n'kunena kuti ndi kameneka sungayende ngakhale kuchoka apa kufika pachitseko.

Dzanja la Overton linali kale pa kabokosi ka kamkombero kaja. Koma sanakatenge. Anatembenukira kwa mkazi wake, nkhope ili yosalala ngati ya munthu wopereka moni kutchalitchi.

"Musankhe ndinu, amake Nthanda. Paja zonse m'nyumba mwathu mumasankha ndinu."

Alfred sankamva Chichewa, koma anaona kuti afunsidwa ndi mayi, ndiye anamwetulira n'kumukankhira timabokosi tonse tiwiri. Stella anatiyang'ana. Akanatha kunena kuti sadziwa za mauta, akanatha kunena kuti tonse ndi todula. Koma mutu wake unali ukugwira ntchito ngati ali mu wodi, kuwerengera chimene chingachitike ndi chimene angachite. Chipinda chili pamwamba. Masitepe amakhota pakati. Munthu wonyamula uta wautali choncho sangakhote osaupendeketsa. Akaupendeketsa, muvi ugwa. Ukagwa, ulira. Ukalira, iye adzuka, athawira kubafa, ndipo loko wa kubafako ndi wolimba.

Anaika chala pa kalilime kaja. Anati aka, popeza a bambo amangolasa mapepala ku kalabu.

Alfred anati mayi asankha bwino, ndipo nayenso akanasankha komweko. Mtima wa Stella unatsika pang'ono. Anamva kamtendere, kakang'ono koma kenikeni, ngati munthu amene wapeza ambulera mvula itayamba. Overton anatenga kabokosiko, anakatembenuza, anawerenga kumbuyo kwake mosafulumira. Kenako anawerama pang'ono kufupi ndi khutu la mkazi wake, akumwetulirabe kuti mdala uja aone.

"Mwasankha kaphokoso," anatero motsitsa mawu. "Mukufuna muzindimva ndikamabwera?"

Mpaka nthawi imeneyo Stella ankadzinamiza kuti mwina ndi maganizo chabe, mwina ndi kusagona, mwina a Rowland akunena zoona kuti akazi ogwira ntchito usiku amaona zinthu zomwe palibe. Tsopano mwini wake wanena yekha, masana, m'sitolo ya anthu, ndipo munthu yekhayo amene anali pafupi ankangopukuta magalasi.

Alfred anati kumanga kachitsuloko n'kukalinganiza kumatenga kanthawi, ndipo kuseri kwa sitolo kuli kanjira koyesererapo, bambo abwere aponye mivi ingapo kuti aone ngati kakhala bwino. Anafunsa ngati mayi akufuna kudzaonerera. Stella anati ayi, akadikira m'galimoto, mutu ukumupweteka. Overton anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ana chikwama chimene munali makiyi. Koma mdala anali atatsegula kale chitseko cha kuseri, atagwira uta, akudikira. Overton anamutsatira.

Panja kunkawaza kamvula. Stella anafika pagalimoto osadziwa kuti wayenda bwanji, ndipo kiyi anamugwetsa kawiri asanatsegule. Atakhala pansi anagwira chiwongolero ndi manja onse. Chimene chinamuopsa kwambiri si mawu a Overton aja ayi. Chinali kamtendere kaja. Iye, Stella, mayi wa mwana, namwino wosunga miyoyo ya anthu usiku wonse, anakondwera chifukwa wapeza kachitsulo koti kadzamudzutse iyeyo, mwamuna wake akamadzabwera kudzamupha. Anafika pokonzekera tsikulo ngati mmene munthu amakonzekera chisanu. Ndipo nanga likadzakhala tsiku loti Nthanda sanapite kusukulu? Nanga wotsegula chitseko cha chipinda, atamva ngwe pamasitepe, akadzakhala mwanayo?

Kuseri kwa khoma kunamveka muvi woyamba ukulowa m'chandamale, phu. Stella analiza galimoto.

Anatuluka pageti osayang'ana pagalasi. Ankadziwa kuti Overton, kuti afike ku Bradford kuchokera kumeneko, ayenera kudikira basi, kukwera sitima, n'kukweranso basi ina, atanyamula uta uja. Koma mantha sadziwa zimenezo. Galimoto iliyonse yobwera kumbuyo ankaiona ngati takisi, ndipo pamaloboti alionse ankayang'ana ngati zitseko ndi zokhoma. Asanafike pamsewu waukulu foni inayamba kulira pampando, ndi dzina la Overton. Inalira, inasiya, inaliranso. Kenako inalira ndi dzina lina, la a Rowland. Ndiye kuti wawaimbira kale, ndipo iwo akonzeka kale ndi mawu awo ofewa aja, akuti tikhale pansi, kumudzi adzati chiyani. Adzanenadi. Apongozi adzamutukwana pafoni, azilamu adzamutchula mfiti, kutchalitchi mabenchi adzamutalikira. Zonsezo anaziona bwinobwino, ndipo zinamuwawa, koma phazi sanalichotse pamafuta.

Kunyumba sanapiteko, ngakhale kukatenga mapasipoti. Anaimika galimoto mokhota pageti la sukulu ya Nthanda n'kulowa mu ofesi, akadali ndi nsapato za ku ntchito. Mayi wa pa ofesiyo, wonenepa, wa ndolo zazikulu, anamulandira ndi nsangala, natuma uthenga ku kalasi kuti mwana abwere ndi chikwama chake. Kenako anafunsa mwachizolowezi chifukwa chomutengera mwana nthawi isanakwane. Kodi ndi kwa dokotala wa mano?

Stella anatsegula pakamwa kuti avomere. Bodzalo linali lokonzeka kale, lofanana ndi sikafu ija. Foni inayambanso kunjenjemera m'chikwama, ndipo kumapeto kwa khonde anaona Nthanda akubwera modumphadumpha, jekete ikukwekwereza pansi, akudabwa kuti lero kwagwanji. Panatsala kanthawi kochepa mwanayo asanafike pomva.

"Ayi, si mano," anatero Stella m'Chingelezi, mawu akutuluka okanda ngati a munthu wina. "Mwamuna wanga wagula uta, ndipo akufuna kundipha. Chonde khomani chitseko cha panja icho, muitane apolisi."