Lamba Woyezedwa ndi Chingwe

Lachiwiri, pa 15 Okutobala 2024, magetsi anazima ku Mpama mbandakucha, ndipo pofika 8 koloko mkaka wa m'thanki yoziziritsira ya gulu la alimi unali utayamba kufunda. Alimi makumi anayi ndi mmodzi anali atabweretsa malita 620. Fakitale ya ku Blantyre inayankha pafoni mosazungulira: mkakawo ufike isanakwane 12 koloko, ukapitirira apo akaumwetse nkhumba.

Galimoto yapafupi inali imodzi yokha, lole ya matani atatu ya m'chaka cha 1994, ya a Silvesta Mulepa. Maso awo atayamba ng'ala, chiwongolero anachisiyira Bibiana, mwana wa mlongo wawo, koma mpando wapambali anaukakamira. Alimi anakweza zigubu makumi atatu ndi chimodzi, nazifunditsa masaka onyowa, ndipo lole inanyamuka kutatsala mphindi khumi kuti ikwane 9 koloko.

Kwa milungu itatu injini inakhala ikulira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. A Silvesta anali ndi mankhwala ake. M'mawa uliwonse ankapaka sopo wamtambo pa lamba, kulirako n'kuleka. Tsikuli sopoyo anagwira makilomita anayi okha. Pachikweza choyamba kulira kunabwerera, kagetsi kofiira ka batire kanayamba kuphethira, muvi wa kutentha n'kumakwera. Bibiana anaimika lole pafupi ndi chigayo cha pamphambano, nazimitsa injini.

"Waimiranji? Mkaka sudikira munthu," anatero a Silvesta, akutulutsa sopo m'thumba la jekete.

"Injini ikuwira, amalume. Tikapitiriza tiipsereza."

"Tipakenso pang'ono basi."

"Lamba ameneyu wasamba kuposa ine mwezi uno. Bwezani sopoyo."

Anatsegula boneti. Lamba mmodzi yemweyo ndi amene ankazunguza fani, pampu ya madzi ndi altaneta, makina odzadza batire. Akaterereka, zitatu zonsezi zimafooka pamodzi. Bibiana anamudina ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri, timagudumu tomwe lamba amazungulirapo. Wabwino amalowa sentimita imodzi. Uyu analowa zitatu. M'mbali mwake munali mosalala, monyezimira ngati mbale yadothi yoyera.

"Ndiye kungomanga," anatero amalume ake. "Sipanala ili pansi pa mpando."

Bibiana anali ataona kale chovuta. Altaneta imamangidwa pa chitsulo chokhala ndi mpata wautali. Munthu akafuna kukungitsa lamba, amaikankhira kunja n'kumanga bawuti. Koma bawutiyo inali itafika kale kumapeto kwenikweni kwa mpatawo. Kokankhira kunalibe.

"Lambayu ndi watsopano, si choncho?"

"Wa pa 24 Seputembala. Ndinakagula ndekha ku Limbe."

"Munawauza nambala yanji?"

"Nambala ya chiyani? Ndinazunguliza chingwe pa wakaleyo, n'kumanga mfundo. Mnyamata wa m'sitolo anayeza chingwecho ndi tepi, n'kundipatsa wolingana. Bambo anga ankagula choncho malamba a njinga yamoto."

Bibiana anapukuta msana wa lamba ndi nsanza. Panalembedwa A42.

"Wakaleyo munamutaya?"

A Silvesta anamuyang'ana ngati wawatukwana. Iwo sankataya kanthu. Anamutengera kumbuyo kwa lole, n'kuloza pachitseko. Lamba wakale uja ndi amene ankagwira ntchito ya loko, atakulungidwa kawiri pa mbedza. Bibiana anamumasula, namulavulira malovu, napukuta, namupendeketsera kudzuwa. Zilembo zinali zitafufutika, koma zinkawerengeka: A40.

"Nambala imawerenga m'kati mwa lamba, amalume. Chingwe chanu chinayeza kunja. Munagula wautali ndi mainchesi awiri."

"Mainchesi awiri okha?"

"Buluku likakula mainchesi awiri m'chiuno, mumayenda nalo bwanji?"

A Silvesta anakanda kumutu. Nthawi inali 9:35. Ku Limbe kunali kutali, ndipo wakabaza wopita ndi kubwera akanadya maola awiri. Lamba wakaleyo anali wong'alukang'aluka, wosayenda naye ngakhale kilomita.

Chigayo chinali zii chifukwa cha magetsi omwewo. Amayi asanu anakhala pamatumba awo a chimanga pakhonde, kuonerera. Mwini chigayo, a Dainess Khoromana, anatuluka ufa uli m'nsidze.

"A Silvesta, lero kwaya yanu yatha msanga bwanji? Timaimva muli kutsidya kwa mtsinje."

"Iyi ndi nkhani ya amisiri, mayi."

"Amisiri ake a sopo omwewa?"

Amayi a pakhonde anaseka. Bibiana anawomba m'manja mwaulemu. "Amayi, muli ndi malamba osungira?"

A Dainess anamulowetsa m'kachipinda kakumbuyo. Pamsomali panapachikika malamba asanu ndi awiri. Asanu anali a chigayo, onenepa, a chilembo B, oti sangalowe m'ngalande ya pule ya lole. Wachisanu ndi chimodzi anali A46. Womaliza, wa makina opukusira chimanga amene anaima chikolole, anali ndi fumbi lambiri. Bibiana anapukuta ndi chala: A40.

"Tenga, mwanawe," anatero a Dainess. "Muli malita khumi ndi anayi a ng'ombe yanga m'zigubumo."

Bibiana sanathamangire kumuveka lambayo. Anamasula mabawuti awiri a altaneta, naikankhira m'kati, navula lamba wautaliyo. Kenako anapempha madzi, natsuka ngalande za mapule onse atatu mpaka sopo yense atachoka, nazipukuta kuti gwa. Anazunguza pule iliyonse ndi dzanja, khutu lili pafupi. Palibe inakhuluza kapena kugwedera. Atatsimikiza, anaveka lamba wa a Dainess.

"Amalume, gwirani chitsulo cha matayala apa. Kankhani altaneta mpaka ndinene."

A Silvesta anakankha mano ali gwa. Bawuti inaima pakati pa mpata, malo otsala mbali zonse. Bibiana anamanga, nadina ndi chala. Sentimita imodzi. Injini inali itazizira mokwanira, choncho anawonjezera madzi mu ladiyeta, nakwera, natembenuza kiyi.

Injini inaguguda bwinobwino. Anaponda mafuta, nayatsa magetsi onse kuti altaneta ilemedwe. Kulira kunalibe. Kagetsi kofiira kanazima. Mmodzi wa amayi aja analuluta, anzake n'kulandira.

Ananyamuka 10:10. Pachikweza cha ku Njuli muvi wa kutentha unakhala pakati osasuntha, ndipo a Silvesta anauyang'anitsitsa njira yonse, nkhope ili pafupi ndi galasi.

Analowa pachipata cha fakitale 11:20. Woyeza mkaka, mayi wovala gawuni yoyera, anatunga pang'ono m'chigubu chilichonse, nasakaniza ndi mankhwala m'kambale. Mkaka wosasa umachita mibulu pomwepo. Bibiana anaima manja ali kumbuyo, akuwerenga chamumtima. Chigubu chakhumi. Chamakumi awiri. Pa chomaliza mayiyo anapendeketsa kambaleko kawiri, nakayang'ana nthawi yaitali kuposa pa zinazo.

"Wonse uli bwino. Tsitsani."

A Silvesta anatulutsa foni yawo yamabatani, naimbira wapampando wa gulu. Anayankhula mokweza ngati kuti mawuwo akayenda pansi mpaka ku Mpama.

"Auzeni alimi onse, walowa. Malita 620, osatsala ngakhale kapu. Ayi, si ine. Ndi mwana wa mlongo wanga. Ine ndinangogwira chitsulo."