Mkono Wosagwira Lumo

ALezala anali atameta theka la mutu wa kasitomala pamene anaika makina pansi n'kuyamba kufinya mkono wamanzere, kuchokera paphewa mpaka padzanja. Achemwali awo aakulu, omwe anabwera kudzatenga ambulera yomwe anaiwala tsiku lina, anaima pakhomo n'kuwayang'anitsitsa.

M'kachipinda kometeramo, komwe kanali m'mwamba mwa nyumba, munkanunkha mankhwala opaka. Aliyense wokhala pampandopo ankasanduka dokotala. Wina anati ndi nyamakazi, wina anati amaugonera usiku, ndipo mphunzitsi wina anati mtsempha wapanikizika pamfundo ya dzanja monga zinawachitikira akazi ake osoka zovala. ALezala ankavomera zonse n'kumapakabe.

"Achimwene, kodi mumameta ndi dzanja liti?"

"Lamanja, achemwali."

"Nanga lamanzere latopa ndi chiyani? Kupinda makutu a anthu?"

Kasitomala anaseka, koma achemwali sanaseke. Anafunsa nthawi yomwe ululuwo umabwera. ALezala anayankha monyinyirika kuti umayamba akamakwera masitepe ndi ndowa ya madzi, ndipo akakhala pansi umatha. Atawapanikiza, anaulula kuti pachifuwa pamalemeranso ngati wina waikapo thumba la simenti, thukuta n'kumatuluka ngakhale kukuzizira.

Achemwaliwo anadziwa nyimbo imeneyi. Malemu amuna awo anaiimba mwezi wathunthu, botolo la mankhwala opaka lili pambali, mpaka tsiku lomwe anagwa pabwalo osadzukanso.

"Tsekani. Tikupita kuchipatala."

ALezala analoza mutu wa theka uja, nati munthu sangayende choncho mumsewu. Kasitomalayo anadzivula yekha nsalu m'khosi, navala chipewa. "Pitani, bambo. Tsitsi limadikira."

Kuchipatala anawamata timawaya pachifuwa, anawatenga magazi, kenako anawagoneka. Dokotala anafotokoza kuti kawirikawiri dzanja limapweteka chifukwa cha ntchito, nyamakazi kapena mtsempha wopanikizika, ndipo zimenezo munthu amatha kupita nazo kuchipatala mosathamanga. Koma ululu wobwera pokwera mtunda, limodzi ndi kulemera pachifuwa, nthawi zambiri umakhala mtima ukudandaulira mumkono. Njira za magazi zopita kumtima wa aLezala zinali zitachepa. Anati anachita bwino kubwera asanagwe.

Atatuluka, anali ndi mapiritsi akumwa tsiku lililonse komanso lamulo losiya fodya. Mpando wometera anautsitsira pakhonde la pansi, kuti masitepe awaone ndi maso okha. Woyamba kukhalapo anali wachipewa uja, mbali imodzi ya mutu itamera ngati udzu wa mvula yoyamba. Anakana kumetedwa kwina, akuti wina akanaiwononga ntchito yoyambidwa bwino.

Achemwali atatulukira, aLezala anazimitsa makina, naimirira, nayamba mawu omwe anawakonza ali chigonere kuchipatala: zoti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, zoti ana awo akanakhala amasiye, zoti pakanapanda iwo...

"Mwamwa mapiritsi?"

"Ndamwa."

"Basi. Malizani mutu wa munthuyo, wavutika mokwanira."

Anakwera okha masitepe, natsika ndi ambulera yawo. M'dzanja lina anali ndi botolo la mankhwala opaka lija, ndipo podutsa analiponya m'bini osacheuka.