Supuni ya Shuga Pamilomo ya Mayi

Foni inalira Mafunso ali mkati mojambula mtima wa chule pa bolodi. Ataona kuti ndi azakhali ake anafuna kuileka, poti azakhaliwo nkhani zawo zinali ziwiri basi, maliro ndi mapemphero. Koma inaliranso, ndipo anatulukira pakhonde choko chili m'manja.

"Mayi ako agwidwa ndi Mzimu," anatero azakhali. "Akuyankhula zosamveka, thukuta lili kamukamu. Koma mwananga, ine Mzimu ndimaudziwa. Uwu sukundisangalatsa."

"Adya chiyani lero?"

"Kudya? Akusala kuyambira dzana. Sanakuuze?"

Mafunso anazindikira pomwepo. Mayi ake anali ndi matenda a shuga. Anasiya ana asukulu ndi chule wawo wosatha kujambula, nathamangira kumsewu.

Dzina loti Mafunso anam'patsa ndi mayi ake omwewo, chifukwa ali mwana sankalandira chilichonse asanafunse kawiri. Mafunsowo anamufikitsa pa uphunzitsi wa sayansi, ndipo ndi omwewo anamutulutsa m'tchalitchi. Panalibe ndewu. Anangosiya kupita, mayi ake nawo anangosiya kumufunsa, iye nkumaganiza kuti nkhani inatha.

Minibasi ya tsiku limenelo inali ngati yachita kutumidwa. Inkaima paliponse, kondakitala nkumanyengerera anthu amene sankapita kulikonse. Itaima kudikira bambo wina amene ankametetsa tsitsi, Mafunso anatsika ndi kumaliza ulendo wapansi, nsapato zili m'manja.

Anapeza mayi ake atatsamira pa sofa, Baibulo lili pamiyendo, diresi litanyowa pachifuwa. Manja ankanjenjemera. Maso ankamuyang'ana koma ngati akuona munthu wina kumbuyo kwake. Azakhali anali akuwakupiza ndi chivindikiro cha poto, uku akuimba nyimbo chapansipansi.

Mafunso anatenga kamakina koyezera shuga pamwamba pa kabati, nawabaya chala. Nambala imene inatuluka inali yotsika kwambiri moti anayezanso, poganiza kuti kamakinako kapenga. Sikanapenge. Pafupi pake panali kabokosi ka mapiritsi kamene iye mwini anawagulira, kokhala ndi timagawo ta tsiku lililonse. Ka dzana kanali kopanda kanthu, ka dzulo chimodzimodzi, ka lero nakonso.

"Amayi, mwakhala mukumwa mankhwala muli ndi njala?"

Lilime linali lolemera, koma yankho linatuluka. "Si iwe unati ndisadumphe ngakhale tsiku limodzi?"

Ananenadi. Ankanena pafoni madzulo alionse, mpaka mayi ake ankamalizitsa okha chiganizocho. Zoti mapiritsiwo amafuna chakudya m'mimba sanazitchule, chifukwa ndani angauze munthu wamkulu kuti azidya? Kutchalitchi anamva za kusala, kwa mwana wawo anamva za mapiritsi, ndipo mayi wosadziwa kukanayu anamvera onse awiri mokhulupirika. Mapiritsi ankatsitsa shuga amene munalibe kale m'thupi.

Anathamangira kukhitchini, nasungunula shuga wambiri m'kapu ya madzi. "Azakhali, imbirani aneba aja a galimoto."

"Ndaimba kale. Ali ku ntchito, akuti akubwera."

Anafikitsa supuni pamilomo ya mayi ake. Milomo inatsekeka ndi mphamvu imene sinali kwina kulikonse m'thupi lawo.

"Amayi, imwani."

"Ndinalonjeza."

Mafunso anayamba kufotokoza monga amachitira m'kalasi. Ubongo umadya shuga. Shuga akatha, munthu amakomoka, ndipo akakomoka sungamuthire kanthu mkamwa, angatsamwe. Ena sadzukanso. Anawaonetsa nambala ija. Zonse zinali zoona, ndipo mayi ake anazimvetsera mwaulemu ngati nkhani za dziko lina.

Azakhali nawo anayesa. "Alamu, Mulungu si wankhanza chotere. Imwani, mudzapitiriza mukapeza bwino."

"Simunalonjeze ndinu."

Mutu unayamba kupendekera paphewa. Mafunso anawagwira masaya, ozizira ngati mbale yotsukidwa kumene. Anaganiza zowakanula pakamwa, koma anadziwa kuti akalimbana nawo madziwo alowa m'mapapo.

"Kodi chimene mukusalira n'chiyani, chofunika kuposa moyo wanu?"

Azakhali anayang'ana pansi, nayamba kupukuta chivindikiro chija ndi m'mphepete mwa diresi.

"Azakhali, nenani."

"Akusalira iwe. Anati salawa kanthu mpaka atakumva ndi makutu awo ukupemphera."

Mkwiyo unabwera poyamba, wotentha, wofuna kuswa kapu kukhoma. Kunali kumukakamiza kumeneko, kumuika mpeni pakhosi pogwiritsa ntchito khosi la mayi ake. Akanatha kuwauza mawu ambiri ndithu, ndipo onse akanakhala olondola. Koma zikope za mayi zinali zikutsika.

Anagwada. Simenti inamupweteka mawondo osazolowera. Anafunafuna mapemphero aubwana, napeza zidutswa zokhazokha, theka la pemphero la chakudya ndi mzere umodzi wa nyimbo. Ndiye anangoyankhula zimene zinali pakhosi.

"Mulungu, ndine uja ndinachoka. Sindikudziwa ngati mukumva. Mayi anga akufa ndili pompano ndi kapu m'manja. Chonde atseguleni pakamwa. Ndilibe wina."

Mawu anadukira pamenepo, misozi inatenga malo. Azakhali anati ameni mofulumira, ngati akutseka chitseko mbuzi isanatuluke.

Diso limodzi la mayi linatseguka. Linamuyang'ana kwa nthawi imene kwa Mafunso inali ngati chaka, kenako milomo inalekana pang'ono. Anathira supuni yoyamba, nayang'anitsitsa pakhosi mpaka ataona kuti yamezedwa. Yachiwiri, yachitatu. Kapu isanathe mayi anaigwira okha ndi manja awiri.

Pamene hutala ya aneba inkalira panja, kunjenjemera kunali kutachepa ndipo mayi anali atayamba kudandaula kuti awapeza ndi diresi lonyowa. Anawakweza kumbuyo, pakati pa Mafunso ndi azakhali, ali ndi chidutswa cha buledi m'manja.

M'njira yopita kuchipatala Mafunso ankadzifunsa ngati ananama pansi paja, ndipo yankho silinkapezeka. Pamene ankayankhula ankafunadi kuti wina amve, ndipo zimenezi zinamuopsa mwa mtundu wina. Anakonza m'mutu zoti awauze adokotala, ndi zoti awauze mayi ake akakhala pansi bwino: kuti chawapulumutsa ndi shuga, kuti anatsala pang'ono, kuti zimenezi zisadzachitikenso.

Mayi anameza buledi, napukuta milomo, nasisita bondo la mwana wawo pamene panali fumbi.

"Alamu, mwaona? Dzana lomweli ndayamba, lero wagwada."

"Amayi, mukanafa."

"Koma sindinafe." Anamwetulira, mawu atabwerera mwakale. "Tsopano kwatsala achimwene ako. Ajawo mutu ndi wouma kuposa wako, afunika sabata yathunthu."

Anatero akusuzumira pawindo, milomo ikuyenda pang'onopang'ono, akusankha tsiku loyambira.