Envelopu ya m'Jekete la Bambo

"Tseka kompyutayo," anatero mayi, atakolekera majekete a malemu amuna awo pamkono. "Bambo ako sali m'menemo."

Mwana wawo wamkazi sanacheuke. Panali patapita masiku atatu chiikireni maliro, iye maso ali pa nkhokwe ya pa intaneti imene bambo ake anaigwirira ntchito zaka makumi awiri. Bambowo ankawerenga tizidutswa ta DNA tobwerezabwereza, ta mbewa, ta nsomba, ta anthu a mitundu yosiyanasiyana, n'kulemba kuti kalikonse kabwereza kangati. M'thupi mwawo eniake kachidutswa kena kanabwereza mopyola muyeso. Kanawanjenjemeretsa manja, kenako thupi lonse, mpaka kuwapha. Matendawo amatsata magazi, ndipo mwanayo anali ndi pakati pa miyezi inayi.

"Anatenga malovu anga kukayeza zaka zisanu zapitazo," anatero mwanayo. "Ati zotsatira zinasochera. Bambo kusocheretsa chinthu? Munthu wosunga ngakhale mabatani othothoka?"

Mnzawo wa kuntchito wa malemuwo, amene anabwera kudzasiya katoni ya katundu wa muofesi, anakanda kumutu.

"Ngakhale zitakhalamo m'nkhokwemo, mwanangu, mayina sitiika. Ndi manambala okhaokha."

"Ndiye mzere wanga ndi uti?"

Mlendoyo anangoyang'ana nsapato zake.

"Kudziwa kukupatsa chiyani?" mayi anakalipa. "Ine ndadziwa zaka khumi, ndikuwadyetsa ndi supuni. Mankhwala ake kulibe."

"Za ine zatha kale, amayi. Ndikufunsira uyu." Anagwira pamimba.

Mayi ukali anauthera pa majekete. Pokutumula lofiirira lija, la tsiku ndi tsiku, m'thumba lamkati munagwa envelopu. Inali ndi dzina la mwanayo ndi chidindo cha labu cha zaka zisanu zapitazo. M'makona inali itafewa ngati nsalu, pakati yada ndi thukuta la zala. Koma inali yomata, chimatire.

Onse anamva chisoni. Munthu amene anawerengera mbewa ndi anthu osawadziwa analephera kuwerengera mwana wake. Anangoyenda nayo pachifuwa.

Mwanayo anaitola. Envelopuyo inayamba kunjenjemera m'dzanja lake.

"Ndi mantha chabe amenewo," mayi anatero msangamsanga, n'kuligwira dzanjalo ndi manja onse awiri, monga ankachitira ndi la amuna awo.